Pamene Chinsalu Chinathera

Chinsalu chinali chachikulu moti sichinakwane patebulo lililonse, ndiye anachiyala pasimenti m'shedi yojambuliramo, n'kuchipsinja m'makona ndi zitini za penti. Amayi ankakhala pamwamba pake penipeni, miyendo atatambasula, aliyense pa dziko lake. Alkawari, wamkulu wa onse, anali chakum'mwera ndi mapiri a atate ake. Nungalka anali ndi dambo la mchere. Enawo anali ndi zitsime zawo ndi njira zimene makolo anayendamo pachiyambi pomwe ankaumba dziko. Ankajambula uku akuimba chapansipansi, ndipo galu akaponda penti yosauma ankamugenda ndi chilichonse chimene chinali pafupi.

Pakati pa chinsalucho panali malo akuda bii, aakulu ngati lichero, pomwe panali penti yoyamba ija yokhayokha. Pamenepo panayenera kukhala Yalpiri, chitsime cha m'thanthwe chimene eni ake anali mayi ake a Dulcie. Mayiwo anamwalira kalekale, ndipo mwana anabereka mmodzi yekha. Mwanayo ndi amene ankatsuka maburashi pampopi panja.

Dulcie sanali mtsikana woti n'kumatumidwa madzi. Anali ndi imvi, anali ndi adzukulu kumzinda wa Adelaide, ndipo moyo wake wonse anagwira unamwino m'zipatala za kumeneko. Anabwera kuno nyengo yozizira ikuyamba, atafufuza kwa zaka zambiri kuti apeze kwawo. Anamulandira bwino, anamulirira, anamuuza kuti Alkawari ndi mchemwali wake popeza amayi awo anali pachibale cha bere limodzi. Atatha kulira anamupatsa ketulo. Tsopano dzuwa linali litayamba kuotcha malata, iye akadali wophika tiyi ndi wosakaniza penti, ndipo mtima wake unali utadzaza mpaka pakhosi.

Tsiku limenelo anaika tiyi pambali pa Alkawari, koma sanachokepo.

"Achemwali, chinsaluchi akuti a kumzinda achitenga mwezi ukatha. Pa Yalpiri mpaka pano mpakuda."

"Maso ndili nawo," anatero Alkawari osadzutsa mutu. Ankadontheza penti yachikasu ndi kamtengo, dontho limodzilimodzi.

"Ndiye mupanga bwanji?"

"Ndipatseka ndi madontho. Chipita chopanda chitsime."

"Chitsime cha mayi anga mungochikwirira, mwana wawo ndili pano? Ndipatseni burashi."

"Maburashi ali mbwee m'chitinimo. Katenge, ukajambule maluwa pakatoni. Alendo amagula." Alkawari anamwa tiyi, n'kutsonya chifukwa shuga anali wochepa. "Ku Yalpiri unafikako iwe?"

"Ndinabadwira komweko."

"Sindinafunse kumene unagwera. Ndati unafikako ndi mapazi ako, n'kumwa madzi ake, n'kuimva nyimbo yake uli pomwepo? Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ukajambula za m'mutu mwako ndiye kuti walinamizira dziko, ndipo odwala tikhala ife takhala pachinsalupa."

Nungalka, amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale pamaliro, anathirapo ndemanga. "Ndipo nsapatozo savula, anthu inu. Ine ndimati mwina kumapaziko kuli ziboda. Munthu wakhala nafe nyengo yonseyi, phazi lake pamchenga sitinalionepo. Tidziwa bwanji kuti ndi mwana wa yani?"

Amayi anaseka. Kunali kuseka kwa tsiku ndi tsiku, kopanda njiru, koma kwa Dulcie kunali ngati mchere pabala. Kapu imene inali m'manja mwake anaimenyetsa pakhoma la malata, agalu onse n'kuthawira panja.

"Mukundifunsa ngati ndinafikako? Kodi ndinachokako ndekha? Ndinalongedza katundu, kamwana kosadziwa n'kumina komwe, n'kutsanzika kuti ndatopa nanu?" Chilankhulo cha mayi ake chinkatuluka chopunduka, chosakanikirana ndi Chingerezi, koma palibe amene anaseka tsopano. "Munalipo tsiku limenelo. Inu achemwali munalipo, munali kale namwali. Anthu odziwa kulondola ng'azi pathanthwe louma, odziwa kuti apa padutsa uje dzulo ndipo anali wotopa. Koma lole yonse, ya matayala aakulu choncho, inakukanikani kuilondola. Lero ndiye mwadziwa malamulo."

Alkawari anaika kamtengo kake pansi.

Zimene Dulcie ankakumbukira za tsikulo zinali zochepa. Wapolisi wa chipewa chachikulu, dzanja lake lonunkha fodya, ndi fumbi lofiira kumbuyo kwa lole. Anayang'anitsitsa m'fumbimo mpaka maso kuwawa, koma sanaone munthu. Kunyumba ya ana kumene anamutengera anamumeta, anamupatsa dzina la Dulcie, n'kumuuza kuti mayi ake anamupereka okha chifukwa cha khungu lake loyererako, la bambo mzungu woweta ng'ombe amene sanamuonepo. Atakula anadziwa kuti boma linkalanda ana otere popanda kufunsa munthu. Koma kudziwa ndi mutu n'kwina. Mumtima ankati, chabwino anandilanda, nanga bwanji sanabwere? Funso limeneli ndi limene anabwera nalo kuno, ndipo analibe woti amufunse, chifukwa wakufa satchulidwa dzina ndipo nkhani zake zikayamba anthu amayang'ana kumbali.

"Mawa uthire mafuta m'galimoto," anatero Alkawari pomaliza. "Utengenso chingwe ndi mafosholo."

Anapita atatu, Dulcie ali pachiwongolero. Msewu unathera pamphero yamphepo yopopa madzi a ng'ombe, ndipo kuyambira pamenepo Alkawari ankangoloza ndi milomo, kumanzere, kumanja, pakati pa udzu wobaya ndi milu ya mchenga. Nungalka yekha ndiye ankadandaula kuti mafupa ake afika ali m'thumba.

Fungo ndi limene linawalonjera thanthwe lisanaoneke. Alkawari anatsika, anaima chapatali, n'kuitana mokweza monga amachitira munthu pofika pakhomo la eni. "Ndife, musatidabwe. Tabwera ndi mwana wanu uja." Kenaka anamukankha Dulcie ndi chigongono. "Lankhula. Auze kuti ndiwe yani."

Dulcie anali ataloweza mawu aulemu njira yonse. Koma atasuzumira m'chitsimemo, onse anauluka. Munali ngamira imene inagweramo pofuna madzi n'kuferamo, nthiti zili pamtunda, chikopa chitasanduka phala lobiriwira, ntchentche zili ng'waa. Awa ndiwo malo amene ankawalota ali pabedi lachitsulo kunyumba ya ana. Anakwiya ndi ngamirayo, anakwiya ndi thanthwelo, anakwiya ndi nkhalamba imene inaima pambali pake.

"Ndine," anauza chitsimecho. "Amene munamulola kupita. Ndabwera ndekha, palibe anandiitana." Anatembenukira kwa Alkawari. "Mwandikaniza burashi chifukwa cha dzenje la zoola ili? Inu osunga malamulo, munali kuti pamene limafika pamenepa?"

"Chitsime chimafuna mwini," anatero Alkawari. "Mayi aang'ono ali moyo tinkabwera nawo, iwo patsogolo ife pambuyo. Ine ndingathandize mwini, koma sindingayambe. Mwini wake ndiye ankabaya anthu jakisoni ku Adelaide."

"Mukunena ngati ndinasankha."

"Sindinati unasankha. Ndati gwira fosholo."

Anamanga chingwe m'mafupa n'kukoka ndi galimoto, ngamira n'kutuluka zidutswazidutswa. Zotsalazo zinafuna munthu woti alowemo, ndipo wolowa anali mwini. Dulcie anatsikira m'matope onunkhawo. Nsapato imodzi inamira, inzake anaivula yekha n'kuiponya kunja. Ankatunga ndi chitini n'kupatsira Nungalka, Nungalka n'kukataya kutali uku akutukwana ngamira zonse ndi amene anazibweretsa m'dziko lino. Dzuwa litapendeka anafika pamchenga woyera wa pansi, ndipo madzi anayamba kutuluka pang'onopang'ono, oyamba akuda, kenaka oyera.

Atatuluka anayenda pamchenga wonyowa kupita pamthunzi. Anamva Nungalka wasiya kutukwana. Atacheuka anaona amayi awiriwo ataweramira pansi, akuyang'ana pomwe iye anaponda. Phazi lamanja linali lolunjika bwinobwino, koma lamanzere linali lopindikira m'kati, monga linalili chibadwire. Ali mwana ankamumenya nalo kuti aziyenda ngati mtsikana wolongosoka.

"Mwaona chiyani? Ziboda zija?"

Nungalka anagwira pakamwa. "Ndi phazi la mayi ako ili. Lenilenilo, ngati adutsa pompano."

"Ndiye litani? Phazi limenelo silinayende kundifuna."

Alkawari anamuyang'ana nthawi yaitali ndi maso ofiira, ndipo Dulcie anayembekezera mbama. Koma nkhalambayo inangopisa dzanja m'khwapa, n'kumupaka thukuta lake pamutu, pamapewa ndi pachifuwa mokhadzula, kuti malowo amve fungo la munthu amene akumudziwa. Inamumwetsa madziwo ndi chikhatho. Kenaka inakhala pansi, inasalaza mchenga, n'kuyamba nyimbo ya Yalpiri uku ikulemba ndi chala: mizere yozungulira, wina m'kati mwa unzake, ndi tizizindikiro tokhota ngati uta timene munthu amasiya pamchenga akakhala pansi. Inaimba mobwerezabwereza mpaka Dulcie anayamba kutsatira, kenaka inafufuta zonse ndi dzanja.

Pobwerera kugalimoto Dulcie anaona chinthu china. Kuseri kwa thanthwe kunali timigula tiwiri tosaoneka bwino, toyenda limodzi molunjika kum'mwera, udzu utamera motalikirana m'menemo. M'chipululu tayala likaponda, dziko siliiwala msanga.

"Ija ndi njira yanji?"

"Yakale," anatero Alkawari. "Tiye, dzuwa latha."

Dulcie anaidziwa njirayo: inali ya lole ija.

Burashi anamupatsa m'mawa mwake, popanda mwambo uliwonse. Anakhala pakati pa chinsalu wopanda nsapato, Alkawari ali pambali pake ngati wapolisi. "Wachepetsa. Zungulizanso. Ofiirawo achuluka, Yalpiri si bala." Anakangana pa mtundu uliwonse, koma chitsime chinayamba kuoneka, ndipo amayi enawo ankaimba naye nyimbo ija, n'kumukonza pomwe lilime lake lapunthwa. Patapita masiku angapo malo akuda aja anali atatsekeka. Nungalka anati ndi chitsime choti munthu n'kumva nacho ludzu.

Dulcie anachiyang'ana ndipo sanasangalale. Chinali chokongola, amayi atakhala mochizungulira mwamtendere, ngati kuti pamalopo sipanachitikepo kanthu. Anaganiza za anthu a mumzinda amene adzaime patsogolo pake atagwira matambula a vinyo, n'kumati anthu awa ndi odala, taonani mmene amakondera dziko lawo. Magazi ake anawira.

Masana amayi anatuluka kukadya michira ya kangaru, nyama yodumpha ya m'chipululu, imene inali itapsa m'phulusa. Dulcie anatsala. Anatenga burashi yaikulu yopakira penti yoyamba, anaiviika m'penti yoyera, n'kukoka mizere iwiri yoyenda limodzi kuchokera pa Yalpiri. Inadutsa pa dambo la mchere la Nungalka. Inadutsa pa chitsime cha mayi wina. Inakwera mapiri a atate ake a Alkawari, pamwamba pa madontho achikasu amene nkhalambayo inadontheza nyengo yonse yozizira, mpaka inakagwera kumphepete kwa chinsalu. Ankadziwa chimene akuchita. Munthu sakhudza dziko la mnzake pachinsalu, ngakhale dontho limodzi, pokhapokha mwini atamuitana.

Woyamba kulowa anali Nungalka, mafuta ali kukamwa. Anangoti, "Mayo ine," n'kukhala pansi pakhomo pomwepo. Enawo anaunjikana kumbuyo kwake. Alkawari anawakankha n'kudutsa, ndodo yake yokumbira ili m'manja.

"Wadutsa pa mapiri a atate anga."

"Lole ija inapempha kwa yani podutsapo?"

"Izi si za makolo. Chinsaluchi ndi cha makolo."

"Zinachitikira pa dziko lomweli. Kapena dziko lanu limangokumbukira zokoma?" Dulcie anaimirira, burashi ikudontha. Ulemu unali utamuthera. "Fufuta ngati ukufuna, Alkawari. Utseke ndi madontho ako. Si munatero kale ndi mwana, mukanika bwanji ndi penti?"

Ndodo inakwera m'mwamba. Amayi ena anabisa nkhope, chifukwa ndodo imeneyo inaswapo mitu ya anthu pa milandu yochepa kuposa uwu. Dulcie sanasunthe. Ndodoyo inakhala m'mwamba kanthawi, kenaka inauluka n'kukamenya malata.

"Nungalka, ndipatse penti yofiira," anatero Alkawari. " Ya dothi ija."

Dulcie anadziwa kuti mizere yake yatha, ndipo anapinda manja kuti aonerere. Koma Alkawari sanatenge kamtengo kapena burashi. Anagwada movutikira pambali pa Yalpiri, anakunga chibakera, anaviika m'mbali mwake m'pentimo, n'kudinda pachinsalu pafupi ndi mzere woyera. Ndi nsonga ya chala anaikapo zala zisanu. Linali phazi, monga amachitira amayi posewera ndi ana pamchenga. Anadinda lina patsogolo pake, koma ili analipindira m'kati.

Kumbuyo kwa Dulcie mayi wina anayamba kulira chapansipansi, mnzake n'kulandira.

Alkawari anakwawa ndi maondo motsatira mizere ija, siketi ikukhuta penti yosauma. Lamanja lolunjika, lamanzere lopindika. Ankalankhula osayang'ana munthu, ndipo mawu ake anali aukali ngati akukalipira mwana wakuba.

"Mayi ako anali kokumba zakudya. Pobwera anapeza fumbi litatsika kale. Anataya mbale pomwepo, osatenga madzi, osatenga moto." Anadinda. "Apa, pa mchere wa Nungalka, mapazi anang'ambika. Tinkalondola magazi." Anadinda. "Apa tinawapeza, ine ndi atate. Tinati tiyeni tibwerere, lole simungaipeze. Anatigenda miyala. Chipsera ichi pachipumipa ukuyesa ndinagwa pamtengo?" Anadinda, n'kuviikanso. "Ukuti sitidziwa kulondola. Iwe ukudziwa chiyani? Unabwera kuno mlandu utagamula kale. Unafunsapo kuti mayi anga anatani? Unkangofunsa kuti bwanji sanabwere, bwanji sanabwere. Ndikanakuyankha chiyani, pakamwa pangapa pomwe sipayenera kuwatchula?"

Mkwiyo umene Dulcie anausenza kuyambira ali mwana unalipobe wonse, wolemera chimodzimodzi, koma tsopano anasowa poutula. Anayang'ana mapazi ofiirawo akukwera mapiri achikasu, kenaka anayang'ana ake pachinsalupo.

Alkawari anafika kumphepete, pomwe mizere yoyera inathera. Anadinda phazi lomaliza theka lili pachinsalu, n'kupumira m'mwamba atagwira m'chiuno.

"Anabwerera pamenepa?" anafunsa Dulcie. Mawu anatuluka aang'ono, a mwana.

Nkhalambayo inamuyang'ana ngati wafunsa zopusa.

"Chathera apa ndi chinsalu. Iwo anakafika kunjanji, kumene anakukweza sitima. Chitsulo sichisunga phazi la munthu, ndiye anasankha mbali imodzi n'kumayenda m'mphepete mwake. Anasankha yolakwika."

Inaviikanso chibakera, n'kudinda pasimenti. Lamanja. Inasendera kutsogolo, cha kukhomo, amayi n'kupatuka kuti idutse. Lamanzere, lopindikira m'kati. Itapisanso dzanja m'chitini inapeza penti yatha, ndipo inachikankhira kumbali mokwiya.

"Waima chiyani pamenepo? Bweretsa ina. Ulendowu sitinafike n'pakati pomwe."

Dulcie anakatenga chitini china pashelefu, anachitsegula ndi supuni, n'kugwada pambali pa mchemwali wake atachigwira ndi manja awiri.